Kakapu Kobwerera Kodzaza

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti denga la kukhitchini layambanso kudontha.

Bambo akugawabe Mgonero Lamulungu lililonse, koma manja ndiye ayamba kunjenjemera. Sabata yatha vinyo anatayikira pansalu yoyera ija. Ndachapa, banga silikuchoka. Tsopano ndimawathandiza kutsuka timakapu, ndipo m'pamene ndazindikira kuti kamodzi kamabwerera kodzaza. Ndi kawo. Chichokereni inu tsiku lomwe munakangana nawo lija, amagawira mpingo wonse koma eni ake salawa.

Nditawafunsa anangoti, "Mwanawe, mkate umenewu ndi wa anthu okhululukirana. Ndidye bwanji ndisanagwirane chanza ndi mwana wanga?"

Zaka zonsezi ine ndimakhala pabenchi ya kumbuyo, osaona kanthu. Ndikanadziwa, bwenzi nditakulemberani kalekale, miyendo yawo ikadali yolimba.

Lachinayi adokotala a bambo anandiitanira pambali, koma zimenezo si za m'kalata.

Lamulungu likubwerali wothira vinyo m'timakapu ndine. Mundiuze ngati ndiwonjezere kamodzi.

Ine mlongo wanu wamng'ono.