Pulofesa Wazula Firiji

Lolemba, 3 Malichi
Wafika mlongo wanga, pulofesa wa zilankhulo. Chikwama tho ndi mabuku amene analemba, sopo ngakhale mmodzi ayi. Zaka zonsezi osaponda pano. Lero wakumbuka kuti amayi ndi amodzi mwa otsala odziwa bwino chilankhulo cha makolo awo. Akufuna buku lina. Wa sitandade sikisi ine ndinganene chiyani.

Lachiwiri, 4 Malichi
Kamakina kojambulira mawu patebulo. Mawindo otseka, wotchi yapakhoma kunsi kwa pilo, ine ndivule patapata. Firiji nayo akuti ikusokosera, wazula pulagi. Ndamuuza kawiri kuti muli insulini, mankhwala a shuga a amayi, akamaliza azibwezera. Akuti, "Achemwali, musade nkhawa." Ndikapanda kuda ine, ade ndani?

Lachinayi, 6 Malichi
Amayi akatsokomola, iye "tibwereze." Liwu limodzi katatu. Koma amayiwo kukondwa kwake! Duku latsopano, ngati kamakinako kali ndi maso. Ine wowasambitsa amangondiyankha "mm." Kwa mwana wawoyo mawu ngati mvula.

Lachiwiri, 11 Malichi
Ndabwera kuchokera kumaliro a apongozi, komwe ndinakagona masiku angapo. Firiji ili zii, pulagi ili lende, pansi madzi okhaokha. Kutentha konseku. Pulofesa wakhala akuwabaya amayi mankhwala owonongeka omwewo. Amayi ali lefu, ludzu losatha. Munthu wa zilankhulo zambirimbiri, "bwezera pulagi" sanamve m'chilichonse.

Lachinayi, 13 Malichi
Kuchipatala. Adokotala akuti achira.
Pulofesa wabwera wopanda kamakina. Wakhala pampando, manja pakati pa mawondo. Mabuku onse aja, mawu oti auze mayi ake alibe. Amayi amuyang'ana n'kuti, "Katenge kamakina kako, mwanawe, mwina ungakhalitse."
Ndatuluka panja. Ndimayesa amayi sakudziwa chomwe chinamubweretsa.

Lolemba, 17 Malichi
Tili kunyumba. Ndamuuza pulofesa andiyankhe lisanafike Lachisanu tsiku lomwe akunyamuka, ndatopa naye.
Powapesa, amayi andinong'oneza: "Mawu ndikumupatsa pang'onopang'ono, asamalize msanga. Ena ndimanamizira kuiwala. Usamuthamangitse."
Chipeso chinaima m'manja.

Lachiwiri, 18 Malichi
Za Lachisanu sindinamukumbutse. Insulini ndakasungitsa mufiriji ya aneba, ndalemba dzina pabokosi. Yathuyi azule mmene angafunire.
Patapata ndavula ndekha.