Brave wa ku Katoto

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Abambo a Mwai tsopano ndi mlembi. Atero okha. Mwezi umodzi chipumireni ntchito m'boma, maluwa athirira mpaka afota ndi madzi. Ndiye mwana wathu Mwaiwathu wawatsegulira bulogu pa intaneti, ali ku Lilongwe komweko, kuti ine ndipumeko. Lero nkhani yoyamba. Akupempha owerenga awasankhire mitu yolemba: ulimi wa mbatatesi, mvula ya Mzuzu, kapena moyo wa papenshoni. “Anthu anga asankhe okha,” akutero. Anthu awo ati? Ndinathawira kukhitchini kukasekera kumeneko.

Nyumba ya boma tituluke pakutha pa Disembala. Iwo akuti basi, kwathu ku Ntcheu. Mwana wanga Lumbani wagona kumanda a ku Zolozolo kuno ku Mzuzu, chaka chachisanu ndi chinayi chino. Ndimusiyira ndani?

Lachitatu, 9 Okutobala

Palibe wayankha. Ngakhale mmodzi. Foni m'manja chiyambire m'mawa, magalasi pamphuno, chala kukokera pansi ngati akusenda nthochi. Akuti vuto ndi netiweki. Mpaka anakakwera pachulu kuseri kwa nyumba. Netiweki inali yodzadza, ndinaona ndekha.

Chakudya chamasana anangolawa. Apo ndiye chisoni chinandigwira. Munthu amene ofesi yonse inkamuimirira akamalowa.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndapalamula. Titaweruka kumsonkhano wa amayi a Umanyano ndinatsalira pabenchi, n'kulemba pafoni yanga: “Yewo chomene adada, nkhani yabwino. Ndine Brave wa ku Katoto. Yambani ndi mvula.” Mulungu andikhululukire, bodza pabwalo la tchalitchi penipeni.

Kufika kunyumba, munthu wameta ndevu, wavala malaya a kolala. “Amayi a Mwai, ku Katoto akundiwerenga.” Ndinati zikomo kwambiri, mukatchuka musatiiwale ife osauka.

Loweruka, 12 Okutobala

Nkhani ya mvula yatuluka. Kutalika kwake! Chifunga chokhachokha, ndi nsapato zawo zimene zinachita nkhungu chaka chomwe tinafika kuno. Brave wayamikira. Iwo amuyankha kuti “Achimwene Brave,” ulemu umene ine sindinaulawepo zaka makumi atatu za ukwati. Akuti mnyamatayo ndi wanzeru, akuoneka kuti sukulu anapita nayo patali. Ine wa Fomu 2 ndili pambali, ndikusankha nyemba.

Abweretsa makatoni kuchokera kugolosale. Ayamba kulongedza mabuku.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala. Mwai anaimba foni. Ndinapita ku Zolozolo ndi tsache ndi chigubu cha madzi. Kusesa, kuthirira, kukhala pansi pang'ono. Bwenzi chaka chino ali Fomu 4.

Pakamwa sindingathe. Zaka zonsezi dzina la mwanayu abambo ake salitchula. Ine ndikangoyamba, iwo panja, kukayendera maluwa. Ndiye Brave walemba: “Adada, mutu wina uwu. Munthu akapuma ntchito amathamangiranji kumudzi? Nanga amene sangathe kunyamuka naye amawasiya bwanji?” Nditatumiza, ndinanyamula tsache ndi chigubu n'kubwerera kunyumba.

Lachinayi, 17 Okutobala

Zii. Sanayankhe, sakulemba. Makatoni ali pomwepo, atatu odzadza, ena opanda kanthu. Abambowo amachoka m'mawa, kubwera masana fumbi mpaka m'mawondo, komwe anali osanena. Ndikafunsa akuti “kuwongola miyendo.” Miyendo yake iti, munthu wokwera kabaza popita kogula mchere?

Ndakhudza pachilonda. Ndikuopa.

Lachisanu, 18 Okutobala

Mayo ine! Mwai pafoni, kuseka mpaka kutsamwa. “Amayi, Brave ameneyu bwanji wavala duku la Umanyano?” Kani pambali pa ndemanga iliyonse pamatuluka chithunzi cha mwini foni. Ine ndinasintha dzina lokha. Pafoni yanga kachithunziko n'kakang'ono ngati njere ya nandolo, ndinalibe nako ntchito. Nkhope yanga, duku loyera, Baibulo pachifuwa, pansi pake Brave. Sabata yathunthu!

Ndiye bambo aja ndi magalasi awo, “mnyamata wanzeru.” Kudziwa ankadziwa chiyambire. Ndawapatsa chakudya osawayang'ana kumaso. Iwo kudya bwinobwino, mpaka kupempha tsabola.

Loweruka, 19 Okutobala

Alemba. Ndawerengera kuseri kwa nyumba, pachulu paja. Yaifupi, koyamba m'moyo wawo. Ndikukopera muno kuti isadzasowe.

“Achimwene Brave, mutu wanu wapambana, ngakhale munalibe wopikisana naye. Kumudzi ndimathamangirako poganiza kuti mayi a kunyumba kwanga atopa ndi njira ya ku Zolozolo, kuti kutali mtima wawo ukapumako. Sindinawafunse. Ndinalakwa. Masiku apitawa ndimafunafuna nyumba ya lendi. Ndapeza ya zipinda ziwiri, ku Zolozolo komweko, denga lake likufuna munthu wosowa chochita ngati ine. Mukawaona mayiwo muwauze kuti mawa tikaweruka kutchalitchi tikaione nyumbayo. Tikachoka apo tikamuone Lumbani.”

Alemba dzina lake. Ndi dzanja lawo, poyera, aliyense awerenge.

Akundiitana pakhonde. Akuti, “Brave, tabwerani mundithandize kumasula makatoniwa.” Ndipita. Ndiyambe ndasamba kumaso kaye, asaone kuti ndalira.