Kalata ya Ngalande

Gulu: Kwathu 🏠
Lachitatu

09:04 Kaloya: achimwene envelopu ija ndinaiwala pa photocopier mu shop mwanu dzulo ilipo? muli assignment yanga, ikufunika 2 koloko

09:06 Achimwene: ija yolembedwa "kwa a kalipentala oyandikana nafe"?

09:06 Kaloya: eya

09:07 Achimwene: amayi aitenga mmawa atandibweretsera tiyi. amati akakuperekera

09:07 Kaloya: akandiperekera kwa ndani??

09:08 Kaloya: amayi

09:15 Kaloya: AMAYI yankhani foni plz

09:31 Amayi: 🎤 mawu, 0:41
"Mwana wanga usavutike, ndapereka kale. Ndinavala diresi ya ku tchalitchi ija, ndagogoda bwinobwino, ndamupatsa m'manja. Zaka zitatu madzi ake ochapira akudutsa pakhomo panga, ndikalankhula akuti ndi mvula. Mvula ya thovu? Lero wawerenga magalasi akuvina pamphuno. Sukulu ndi yabwino, mwana wanga."

09:33 Kaloya: mayo ine ndafa

09:34 Kaloya: kalata imeneyo ndi ya mkalasi amayi. madamu otiphunzitsa anatiuza tiyeserere kulemba kalata yochenjeza munthu, nkhani yongopeka. ine ndinasowa chopeka nde ndinangotenga ya madzi athuyi

09:34 Achimwene: kkkkkkkk

09:36 Kaloya: musaseke. ili pa pepala la chidindo cha koleji, aliyense anapatsidwa limodzi lokha. wophunzira akatumiza kalata kwa munthu weniweni madamu asanasaine amachotsedwa sukulu. lamulo limenelo tinasainira tokha

09:40 Amayi: Koma zolembedwamo zonse ndi zoona.

09:40 Amayi: Nanga si ndiwe loya.

09:42 Kaloya: paralegal amayi, ndakuuzani ka 100. ndimathandiza anthu kumvetsa malamulo ndi kulemba zikalata, kukhoti sindiimira munthu. komanso sindinamalize, kwatsala miyezi 4

09:43 Amayi: Ku tchalitchi amadziwa kuti loya.

09:43 Kaloya: achimwene tsekani shop mukaitenge, ndagwira mwendo wanu

10:21 Achimwene: 📷 chithunzi

10:21 Achimwene: ndafika. ngalande yakumbidwa kale, yowongoka ngati ayeza ndi rula. za zaka 3 zatheka pa ola limodzi

10:22 Amayi: Mwaona.

10:22 Kaloya: KALATA achimwene

10:25 Achimwene: akazi awo akuti bambo avala jekete ya ukwati, atenga kalata, apita ku adiresi ili pamwambayo kukapepesa

10:25 Kaloya: adiresi ili pamwamba ndi kuno 😭

10:26 Achimwene: ooh

11:02 Kaloya: ndawaona pa windo la library. akhala pa benchi pakhomo pa ofesi ya madamu, chipewa pa bondo. madamu ali mkalasi mpaka 11:30

11:03 Achimwene: mwayi wako. thamanga ukawanyengerere akupatse, palibe adziwe

11:03 Amayi: Umuuze kuti ndamukhululukira.

11:16 Kaloya: ndapita. atandiona aimirira. bambo amene anandikhomera desiki yowerengera ulere ndili ku pulayimale, kundiimirira ine. akuti mwananga chonde ndisamangidwe, ndili ndi mipando ya sukulu yoti ndimalize. manyazi andigwira mpaka kumapazi

11:16 Achimwene: nde watenga?

11:18 Kaloya: andipatsa okha koma sindinalandire. ndawafotokozera zonse, kt palibe womanga munthu pa nkhani ya madzi. sakukhulupirira, akuti pepala lili ndi chidindo. tilowa limodzi akamve kwa madamu

11:18 Achimwene: iwe wapenga?? zaka 2 za sukulu

11:19 Kaloya: ndikangotenga apita kunyumba ndi mantha omwewo. mantha ake ndawapatsa ndine

11:29 Kaloya: madamu akubwera. ndikuzimitsa foni

11:50 Achimwene: zikuyenda bwj

12:14 Amayi: Mwana wanga.

12:40 Amayi: 📞 foni yosayankhidwa

12:41 Amayi: Wolakwa ndine, muwauze madamuwo. Ndikwere basi ndikagwade?

12:42 Achimwene: amayi khalani pansi, lero mwayenda kokwanira

13:22 Kaloya: ndatuluka

13:22 Achimwene: ndi chikwama kapena wopanda?

13:25 Kaloya: 🎤 mawu, 0:58
"Sanandichotse. Imani kaye ndipume. Madamu awerenga kalata kawiri, ayamba ndi kupepesa kwa a kalipentala, awapatsa mpando ndi madzi akumwa. Kenako anditembenukira. Zimene andiuza sindingabwereze pagulu pali amayi. Akuti ndikanabisa, lero lomwe ndikanatsanzika. Assignment ndapeza ziro, ndilemba ina. Koma chawakwiyitsa kwambiri n'choti ndinalemba ndisanamve mbali inayo. Akuti ntchito yathu imayamba ndi makutu, cholembera chimabwera pambuyo."

13:26 Achimwene: 🎉🎉 ziro yokoma ngati imeneyi sindinaionepo

13:27 Amayi: Ambuye alemekezeke. Mbali inayo itinso?

13:29 Kaloya: akuti masamba a mapeyala athu ndi amene amatseka paipi yawo, nchifukwa chake madzi amasefukira kwathu. akuti anakuuzani kawiri

13:33 Amayi: Katatu. Koma ananena mwamwano.

13:33 Achimwene: kkkkkk ndagwa pa mpando

13:36 Kaloya: nde chilango changa nachi. loweruka 10 koloko ndikukhazikani pansi inu ndi a kalipentala, aliyense anene zake, tilembe zimene mwagwirizana. madamu abwera kudzaonerera, ndipo achonga

13:37 Amayi: Chabwino. Iwe ukhala mbali yanga, iye abwere ndi wake.

13:37 Kaloya: ine ndikhala pakati amayi

13:38 Amayi: Pakati?

13:38 Kaloya: ndiyo ntchito yake. mukamudula mawu ndikuletsani ngati wina aliyense

13:41 Amayi: Miyezi isanu ndi inayi m'mimba. Lero pakati.

13:41 Achimwene: walira mvula walira matope amayi, mumafuna loya pakhomo

13:42 Kaloya: achimwene mukuthira mafuta pamoto

13:50 Kaloya: amayi mwakwiya?

14:35 Kaloya: amayi

15:10 Kaloya: achimwene tawaimbirani, ine sakundiyankha

15:12 Achimwene: inenso. mwina akuloweza zokanena loweruka

16:07 Amayi: Ndinali kwa a kalipentala kukapepesa. Foni ndinaisiya dala.

16:09 Amayi: Ndawauza kuti Loweruka abwere asaope, mwana wanga sakondera ngakhale amene anamubereka. Ndimafuna kunena modandaula, koma zatuluka monyada.