Chitini cha Nsinjiro

Lachiwiri, 14 Okutobala. Kwatentha tsiku lonse, popanda ndi kamphepo komwe.

Bambo akananso phala la nsinjiro, chakudya chokhacho chimene amalandira chidwalireni. Akuti likuwawa. Ndatsegula chitini chimene Amayi amasungiramo nsinjiro za mwezi wathunthu. M'kati mwachita dzimbiri, ndipo mukununkha mafuta owonongeka.

Chifukwa chake ndikuchidziwa, poti kemisitiri ndiye ntchito yanga. Chitsulo cha m'dzimbiri chimafulumizitsa okosijeni kuphwanya mafuta a mtedza. Tizidutswa ta mafutawo timakakamira pa mapuloteni, pamene chitsulocho chikuwawononganso mwachindunji. Njira ndi ziwiri, koma chipsera n'chimodzi, chotchedwa kabonilo, ndipo sichifufutika. Zomwezi zimachitika m'thupi likamakalamba.

Ndapempha Amayi kuti azisinja za masiku atatu okha, n'kumasunga m'botolo.

“Aphunzitsi,” andiyankha akuseka, “chitinichi anandigulira bambo anu pamsika wa pa Chonde atangoyamba ntchito ku esiteti ya tiyi. Inuyo munali kuti?”

Sindinawatsutse. Ndasinja ndekha mtedza watsopano n'kuphika phala lina, ndipo Bambo amaliza mbale yonse. Amayi aona. Chitini chidakali pamalo pake. Koma botolo lija alitsuka okha, aliyanika pathandala, ndipo mawa...