Apongozi akufuna ndiwakonzere mabuleki

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 29, injiniya wa ngalande ndi milatho ing'onoing'ono. Tsiku langa limathera pa mapulani, kapena kumalo omanga nditavala chipewa cholimba, kuona ngati simenti yasakanizidwa bwino. Kwatsala miyezi inayi kuti ndikaonekere pamaso pa akuluakulu opereka ziphaso kwa mainjiniya. Ndikakhoza, ndiyamba kusaina mapulani ndekha. Loweruka lililonse m'mawa ndimakhalanso m'kalasi ya digiri yachiwiri.

Tsiku lina tinapita kukacheza kwa makolo a amuna anga. Tinapeza apongozi aamuna atatsegula boneti ya galimoto yawo, manja ali m'chiuno. Inkakana kulira. Nditasuzumira ndinaona waya wa pa batire akugwedera, atachita zoyera ngati mchere. Ndinapala ndi mpeni n'kumanga ndi sipanala, galimoto n'kulira pompo. Zimenezi sindinaphunzire kusukulu ayi, ndinangoonera kwa makaniko wanga, amene timawatchula kuti a Mabawuti.

Chiyambire tsiku limenelo, apongozi amauza aliyense kuti, "Musamavutike ndi amakaniko, pabanja pano tili ndi injiniya weniweni." Ndikamachokera kukalasi ndimapeza galimoto zili pageti: ya alamu anga, za anzawo a apongozi, tsiku lina mpaka njinga yamoto ya aneba. Ndimazungulira, kugogoda tayala ndi phazi, kenaka ndimazembera kubafa kukaimbira a Mabawuti. Iwo amandiuza zoti ndiyang'ane, ine n'kutuluka ndi nkhope ya katswiri. Amuna anga amangofa nalo phwete: "Adokotala, fulumirani, odwala achuluka panja!"

Chondidabwitsa n'chakuti ndayamba kuzikonda. Kagalimoto kanga kamalira "kwiii" m'mawa kukazizira, pakapita mphindi zisanu n'kusiya. Ndatha masabata awiri ndikufufuza chifukwa chake, mabuku a mayeso ali chitsekere. A Mabawuti atandiuza kuti ndi lamba wa injini, ndinawapanikiza ndi mafunso mpaka anati, "Achemwali, mukufuna kundilanda galaja kodi?" Mwina ndinasankha ntchito yolakwika?

Tsopano zafika povuta. Sabata yamawa apongozi ali ndi ulendo wautali wodutsa m'mapiri, ndipo atenga adzukulu atatu, mmodzi ndi mwana wanga. Akuti mabuleki akuchedwa kugwira, koma sakufuna munthu wina awakhudze kupatula ine. Ndikaulula kuti sindidziwa, ndiwachititsa manyazi kwa anzawo onse aja. Kodi munthu angaphunzire mabuleki pa sabata imodzi?

T.N.K.

Mayi T.N.K.,

Ayi, sangaphunzire, ndipo mabulekiwo musawakhudze. Ndayamba ndi pamenepa kuti ngakhale nyuzipepalayi ing'ambike pakati, mawu awa akhale atakufikani.

Pitani kwa apongozi mawa, musadikire Loweruka. Mupite ndi amuna anu. Aseka mokwanira, tsopano akuthandizeni, poti bambowo ndi awo. Mukhale pansi popanda alendo, ndipo muwauze mosazungulira kuti uinjiniya uli ndi nthambi ngati udokotala: wa maso sazula dzino. Inu mumadziwa kulemera kumene mlatho ungasenze, koma za mabuleki simunaphunzire. Muululenso kuti nthawi yonseyi nzeru zinkachokera kubafa, pafoni. Mwina adzakanda m'mutu. Apongozi anu sanyadira sipanala ayi, amanyadira inu, kungoti ntchito yanu sanaionepo. Tsiku lina muwatengere pa mlatho umene munagwirapo ntchito, aponde ndi mapazi awo. Mudzaona, anzawo adzatopa nayo nkhani ya mlatho.

Mukawaululira, galimoto ipite kwa a Mabawuti tsiku lomwelo, mosamala, ana asakwere. Muwaperekeze apongozi, muime pambali, mufunse mafunso anu onse. Ndipo muwathokoze a Mabawuti pamaso pa anthu. Akhala akukusungirani ulemu ali chete, pamene makasitomala amene akanapita kugalaja kwawo akuunjikana pageti panu.

Za pagetizo, amuna anu ndiwo akhale alonda. Aliyense wobwera ndi galimoto alandire moni, madzi akumwa ndi nambala ya a Mabawuti. Loweruka masana ndi nthawi ya mabuku.

Funso lanu la ntchito landisangalatsa. Simunalakwitse. Munthu amene kaphokoso ka mphindi zisanu kamamusowetsa mtendere mpaka adziwe gwero lake, ameneyo ndiye injiniya. Ine kagalimoto kanga kakhala kakulira chaka chonse, ndimangokweza wailesi. Koma dzifunseni: chidwichi chakula bwanji pamene mayeso ayandikira? Lamba wa injini sakufunsani mafunso, pamene akuluakulu aja akakufunsani. Nthawi zina timathawira pa chinthu chokoma poopa chovuta. Choncho chidwicho musachiphe, chiuzeni chidikire miyezi inayi. Chiphaso chitsogole. Kambiranani ndi aphunzitsi anu a digiri yachiwiri ngati mungachepetseko maphunziro chigawo chino, ndipo pemphani injiniya wamkulu wa kuntchito kwanu kuti azikuyesani mafunso kamodzi pa sabata. Mukakhoza, gulani ovolosi, muzipita kugalaja kamodzi pamwezi ngati wophunzira, poyera.

Pomaliza, chenjerani ndi chizolowezi chimene mwayambachi, chovomera zinthu zimene simukuzidziwa poopa kukhumudwitsa munthu wamkulu. Chiphaso mukachilandira, kudzabwera mabwana okoma pakamwa kuposa apongozi, atanyamula mapulani amene simunawaone bwino, n'kumati, "Ingosainani, mayi, timakudalirani." Mawu oti "izi sindikuzidziwa" muyambe kuwayeserera panopa, pakhonde pa anthu amene amakukondani.

Aphungu