Sikuludiraiva ya Chogwirira Chofiira

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi msana uja ukukuvutanibe mukakhalitsa pa benchi lanu lokonzera mawailesi? Amayi anandiuza kuti tsopano mwavomera kuvala magalasi, ndipo ndinaseka ndekha pokumbukira mmene munkakanira. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima sunakhale pansi. Ndalemba kalata chifukwa ndikaimba foni mumapatsira amayi musanayankhe ndi moni womwe. Miyezi isanu yatha ndisanamve mawu anu.

Maphunziro akuyenda. Tilipo achinyamata makumi awiri m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya mipando. Aliyense ali ndi tebulo lake, nyali yopindika khosi ndi galasi lokulitsira zinthu. M'mawa timaphunzira kompyuta, masana timatsegula mafoni owonongeka. Pa kompyuta anzanga amandisiya kutali, koma akagwira chitsulo chowotcherera manja awo amanjenjemera.

Sabata yoyamba ndinachita manyazi. Kompyuta yanga itangoima, ndinaimenya makofi awiri pambali, monga mumachitira wailesi ikayamba kusasa mawu. Chipinda chonse chinafa nako kuseka, ndipo aphunzitsi anandifunsa kuti kompyutayo yandilakwira chiyani. Tsiku lina anandipeza ndikuyesa batire ndi lilime. Anandichenjeza kuti batire la foni si la tochi, likhoza kundivulaza. Mpaka lero anzanga amanditcha Makofi.

Koma pali zina zimene ndikufuna mumve. Lachiwiri lapitali anatipatsa mayeso otsegula foni ndi kuitsekanso. Foni ili ndi timasikuluwu tambirimbiri tosiyana kutalika, ndipo katali kakalowa pa bowo la kakafupi kamaboola zam'kati, foni n'kufa. Anzanga ankangotiunjika pamodzi. Ine ndinayala kansalu koyera n'kumatindandalika m'mizere monga ndatichotsera, kuyambira kumanzere, ndipo potseka ndinayambira komwe ndinathera. Sindinaganize n'komwe, manja ankangochita okha.

Aphunzitsi anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kenako anafunsa amene anandiphunzitsa zimenezi. Ndinati ndi bambo anga, okonza mawailesi. Anaitana onse kuti adzaone, nalamula kuti kuyambira tsikulo aliyense azibwera ndi kansalu koyera. Ananenanso kuti kompyuta angathe kuphunzitsa munthu miyezi isanu ndi umodzi, koma manja otere amapangidwa zaka zambiri. Mafoni anayi anafa tsiku limenelo, yanga inayaka. Ndinatsika kupita pa mpopi ngati ndikukasamba m'manja, n'kukalira kumeneko.

Ndinalira chifukwa cha mawu anga aja. Tsiku limene ndinkanyamuka ndinanena kuti mawailesi ndi ntchito yakufa, ndipo ndinanena pamaso pa kasitomala wanu. Inu munangokweza wailesi imene munkakonza. Ndinkaganiza kuti ndikuthawa benchi lanu, osadziwa kuti ndalinyamula m'manjamu. Ndinalakwa, Bambo, mundikhululukire. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma ine ndinachoka mwamwano, ndipo zimenezi zikundidya.

Chipinda chimene ndikukhala ndi chaching'ono, zenera lake limayang'ana khoma, ndipo madzi amabwera mwa apo ndi apo. Zimenezo ndazolowera. Chimene sindikuzolowera ndi wailesi ya aneba anga, agogo ena osoka nsapato. Imakhosomola akaikweza, ndipo ine ndili mbali ino ya khoma ndimadziwa kuti ndi fumbi lalowa pokwezera mawu. Ndikaimva ndimaona msana wanu, pensulo ili pa khutu, utsi wa mtovu ukukwera pang'onopang'ono. Ndakusowani kwambiri.

Mwezi wamawa kudzabwera mwini wa malo ena aakulu okonzera mafoni kudzasankha atatu oti awalembe ntchito. Aliyense adzakhala pa tebulo lake ndi zida zake, iye n'kumazungulira. Sukulu yatibwereka zida, ndiye musade nkhawa.

Pempho langa ndi limodzi. Munditumizire sikuludiraiva yanu ya chogwirira chofiira, yokulungidwa ndi tepi ija. Ndili wamng'ono munanena kuti idzakhala ya amene adzakhale pa benchi inu mukadzatopa, ndipo achimwene atasankha za magalimoto munayamba kundilola kuigwira. Ndikudziwa kuti ndi yaikulu, siingalowe pa kasikuluwu ka foni ngakhale kamodzi. Ndikungofuna idzakhale pa kansalu kanga tsiku limenelo. Amalume amadutsa kuno ndi lole yawo kumapeto kwa mwezi, mukhoza kuwapatsira. Akadzabwera chimanjamanja ndidzamvetsa, ndipo mayesowo ndidzachitabe monga munandiphunzitsira.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti juzi ija ikundithandiza. Moni kwa achimwene ndi alamu anga, kwa azakhali, ndi kwa atelala oyandikana nanu amene amadandaula za phokoso la mawailesi koma akalowa safuna kutuluka.

Lamlungu masana ndidzaimbanso. Ngati mawu adzakhale asanabwere, ingogwirani foniyo pang'ono musanapatsire amayi. Ngakhale mutangokhosomola, ndidzadziwa kuti ndinu.

Ine mwana wanu,
amene munkamutcha Tizala