Funso la pa shedi ya mtedza

Lolemba, 9 Juni
Ndabwerako ku maphunziro ku Boma. Aphunzitsi ake akuti kapitawo azifuna kudziwa za mumtima mwa anzake, ntchito imayenda. Ndazikonda. Pa shedi yathu ya Kamwendo timangosankha mtedza, osadziwana. Ndiyesa sabata ino.

Lachitatu, 11 Juni
Ndalakwitsa. Esitele, mmodzi wa azimayi osankha mtedza, masiku ano ali duu, manja olemera. Nthawi ya tiyi ndinamufunsa chikumuvuta n'chiyani. Onse ali pomwepo, a Vitus a pa sikelo nawonso. Anati palibe. Ine osasiya, kufunsanso, kumwetulira ngati aphunzitsi aja. Mpaka misozi. "Ndinapita padera, mayi. Mwamva tsopano?" Anatola mpango wake n'kumapita.

Lachinayi, 12 Juni
Sanabwere. Imelda, amene amakhala naye mphasa imodzi, wandiuza kuti azimayi onse ankadziwa kale. Ankamunyamulira matumba mwakachetechete. Ine ndinkaona, n'kumati ndi ulesi. Ndakhala tsiku lonse mu ofesi, kunamizira mutu.

Lolemba, 16 Juni
Zakula. A Vitus ndi msuweni wa mwamuna wa Esitele, akaitula nkhani kwawo kwa mwamunayo ku Mkanda. Apongozi a Esitele sankadziwa n'komwe za pathupipo. Akuti anawabisira, mwina anachotsa dala. Mwamuna ali ku Chipata ku ganyu, womuikira kumbuyo palibe. Lole ya ogula ibwera Lachisanu, matumba sanakwane. Azimayi akungoti "inde mayi, chabwino mayi." Nthabwala zinatha. Bola akanandilalatira.

Lachitatu, 18 Juni
Ndinagula shuga ndi sopo. Ndinafika mpaka pa mpanda wa nyumba ya Esitele, ndikumumva akutsuka mbale. Ndabwerera nazo.

Lachinayi, 19 Juni
Wabwera. Wasankha mtedza tsiku lonse osandiyang'ana. Poweruka ndinayamba kupepesa. Anandidula. "Loweruka ndikupita kwa apongozi. Tipitire limodzi. Munandifunsa ndinu, mukawauze nokha mmene zinatulukira."

Ndavomera. Imelda wandibwereka njinga, sanafunse kanthu. Apongozi a Esitelewo sindiwadziwa, akuti ndi aukali. Ndikakhala pansi pakhomo pawo, moni akatha, sindikudziwa ndikayamba ndi mawu ati